Magetsi Ogulitsidwa pa Sitolo: Kutchaja Mabatire m'Mbali mwa Nyanja ku Lago

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, sitolo yogulitsa sopo, mchere ndi mafuta ophikira nthawi zambiri imagulitsanso magetsi. Wogula amabwera ndi foni, tochi, wailesi kapena batire la galimoto, amasiya kwa mwini sitolo, kenako amabweranso patapita maola kudzatenga chinthu chake chitadzaza. M'mayiko olemera muli mchitidwe wofanana ndi umenewu, umene manyuzipepala amaulemba kwambiri masiku ano: mwini galimoto yoyendera magetsi amaimika pabwalo la sitolo yaikulu, amalumikiza nthambo, n'kulowa kukagula zinthu batire likudzaza. Galimoto zoterezi sizinakhalebe mbali ya moyo wa ku Lago, koma kugula mphamvu ya magetsi kwa wamalonda n'kuinyamula m'batire ndi chinthu chimene asodzi a kuno amachidziwa bwino, pamodzi ndi mavuto ake onse.

Boma la Lago lili m'mphepete mwa nyanja imene a ku Mozambique amaitcha Niassa ndipo a ku Malawi amaitcha Malawi. Likulu lake ndi Metangula, tauni yomwe ili pamtunda wa makilomita oposa pang'ono 100 kuchokera ku Lichinga. Kumpoto kwake kuli Chuanga, Messumba kumene kuli mishoni yakale ya Anglican, Ngoo, ndiponso Cóbuè, amene wayang'anizana ndi chilumba cha Likoma. Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanjayi amalankhula Chinyanja, ndipo ali ndi abale ku Likoma, ku Chizumulu ndi ku Nkhotakota. Midzi yatsatana m'kamzere kopapatiza pakati pa madzi ndi mapiri, ndipo ina imafikika bwino pa boti kapena wapansi kusiyana ndi pa galimoto. Kukoka mawaya a magetsi m'malo otere n'kokwera mtengo, chifukwa mapolo amafunika ambiri pomwe nyumba zolumikizidwa zimakhala zochepa.

Magetsi a dziko lonse amayendetsedwa ndi kampani ya Electricidade de Moçambique, yodziwika kuti EDM, yomwe inakhazikitsidwa mu 1977. Gwero lalikulu ndi damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi ku Tete, limene mphamvu yake ndi mamegawati 2,075, ngakhale kuti gawo lalikulu limagulitsidwa ku South Africa. Magetsi ofika ku Niassa amayenda ulendo wautali kwambiri: amadutsa ku Zambézia, amakwera ku Gurúè, Cuamba ndi Lichinga, kenako amatsikira ku Metangula. Dera lomwe lili kumapeto kwa nthambo yaitali chotere limamva vuto lililonse lochitika m'njira, kaya mphepo yagwetsa polo kaya mphezi yaomba thiransifoma. Mu 2023 ku Cuamba anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 15, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, ndipo izi zinalimbitsako nthambo ya kumpotoyi. Boma la Mozambique linakhazikitsa mu 2018 pulogalamu ya Energia para Todos, yomwe cholinga chake ndi choti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030, ndipo madera amene mawaya a EDM sangafikeko msanga ali m'manja mwa bungwe la FUNAE, lomwe linayamba mu 1997. Kufikira cholingachi chitakwaniritsidwa, mudzi wopanda mawaya umadalira mapanelo a sola, jenereta, ndi munthu mmodzi kapena awiri amene ali nazo zinthu zimenezi. Kawirikawiri munthu ameneyo amakhala wa sitolo.

Usipa ndi mababu

Amene amafuna magetsi ochuluka kuposa onse m'mbali mwa nyanja ndi asodzi a usipa. Usipa umagwidwa usiku ndi khoka la chilimira, ndipo umakokedwa ndi kuwala. Gulu la asodzi limapita panyanja ndi maboti awiri okoka khoka ndi bwato limodzi la munthu wotchedwa siginala, amene amanyamula nyale. Iye amakhala pamadzi kudikira kuti nsomba zisonkhane pansi pa kuwalako, ndipo akaona kuti zachuluka amaitana alovi kuti azungulize khoka. Siginala wodziwa ntchito amalemekezedwa, chifukwa phindu la usiku wonse limadalira maso ake ndi nyale zake.

Kwa zaka zambiri nyale zimenezi zinali za parafini, zopopa, zokhala ndi kansalu koyaka kamene kamathothoka bwato likangogwedezeka kwambiri. Parafini ankadya gawo lalikulu la ndalama za ulendo uliwonse, ndipo magalasi ankasweka pafupipafupi. M'zaka za posachedwapa asodzi ambiri panyanja yonseyi asinthira ku mababu a LED, amene amawamangirira pathabwa kapena pandodo n'kuwalumikiza ku batire la mavoti 12, la mtundu womwewo wa m'galimoto. Mababuwa sazima ndi mphepo, sanunkha, ndipo amawala kwambiri pa mphamvu yochepa. Ndalama zomwe zinkapita kwa wogulitsa parafini tsopano zimapita kwa wotchaja mabatire.

Motero m'mawa uliwonse, maboti akakocheza ndipo amayi ogula nsomba akuyanika usipa pa thandala, pamakhala ulendo wina wochoka padooko kupita kumsika. Batire la mtovu ndi lolemera, lalikulu limaposa makilogalamu 20, choncho mnyamata amalisenza paphewa ataika kansanza, kapena amalimanga ndi lamba wa tayala pakaliyala ya njinga. Ayenera kufika msanga, chifukwa batire lotere limafuna maola ambiri, nthawi zina 8 mpaka 12, ndipo madzulo liyenera kubwerera m'bwato. Amene wachedwa amapeza matchaja onse ali ndi eni ake.

Malonda amenewa amatsata mwezi wakumwamba. Mwezi ukakhala wathunthu, kuwala kwake kumabalalitsa usipa ndipo mababu sakoka kanthu, choncho asodzi amapuma, kusoka makoka, ndipo wa sitolo amaona mabatire ochepa. Mdima ukabwerera, pakhonde pake pamadzaza. Amatsatanso mphepo. Mwera, umene umaomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, umatha kutsekereza maboti pamtunda masiku angapo otsatizana. M'dzinja vuto limakhala lina: mitambo imaphimba dzuwa, mapanelo amapereka mphamvu yochepa, ndipo amene amadalira sola yekha amakanika kudzaza mabatire onse omwe walandira. Ngati ali ndi jenereta amaiyatsa, koma mtengo umakwera, chifukwa petulo wa kuno wachokera kutali, kudooko la Nacala, kudzera ku Nampula, Cuamba ndi Lichinga, ndipo m'midzi amafika pogulitsidwa m'mabotolo.

Kuwala kotsika mtengoku kuli ndi mbali ina yodetsa nkhawa. Nyale ikakhala yotchipa kuyatsa, maboti amachuluka ndipo amakhalitsa pamadzi. Gawo la nyanjayi la ku Mozambique linakhala malo otetezedwa mu 2011, chaka chomwenso linalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ndi nyanja zofunika padziko lonse, ndipo m'madooko muli makomiti a asodzi otchedwa Conselhos Comunitários de Pesca. Nkhani ya kuchuluka kwa mababu pa bwato limodzi ndi yoyenera kukambidwa m'makomiti amenewa mofanana ndi nkhani ya kukula kwa maso a khoka.

Zochitika pa sitolo

Malo otchajira m'mudzi sasowa kuwazindikira. Padenga la malata pamakhala mapanelo awiri kapena atatu, ena atangotsamiritsidwa pakhoma kuti azitembenuzidwa dzuwa likapendeka. M'kati, kuseri kwa kauntala, pamakhala thabwa lokhomedwa masoketi ambiri, ndipo mafoni amagona pamzere, iliyonse ili ndi kapepala ka nambala komatidwa kumsana, kofanana ndi kamene mwini wake wapita nako m'thumba. Mabatire aakulu amaikidwa pansi, pakona, atalembedwa dzina la mwini wake ndi penti kapena kukandidwa ndi msomali. Mawaya ofiira ndi akuda okhala ndi zopanira amachoka pa tchaja kupita kumitu ya batire, ndipo wodziwa ntchito amamasula zitsekerero kuti mpweya uzituluka. Ku Metangula ndi malo ena kumene kuli mawaya a EDM, m'malo mwa mapanelo pamakhala mita ya Credelec, imene mwini sitolo amaigulira mayunitsi pasadakhale.

Funso loyamba la msodzi akabwera madzulo ndi lakuti, "Ladzaza, achimwene?" Funsoli ndi lovuta kuposa mmene limamvekera. Foni imadzionetsa yokha pagalasi kuti yafika pati, koma batire la mtovu lilibe choonetsera. Ena amayesa polumikiza babu n'kuona kuwala kwake, ena amagundanitsa mawaya kuti aone kukula kwa moto wothetheka, zomwe ndi zoopsa komanso sizinena zoona. Batire lomwe langochotsedwa kumene pa tchaja limaoneka lamphamvu ngakhale litadzaza theka lokha. Njira yodalirika ndi kulisiya lipume kwa maola angapo, kenako kuliyeza ndi kachipangizo koyezera mavoti: lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6 kapena 12.7, ndipo likaonetsa cha m'ma 12.2 ndiye kuti lili pafupi ndi theka. Kachipangizoka si kodula, koma si sitolo iliyonse yomwe ili nako, ndipo msodzi amazindikira zoona zake pakati pa usiku, kutali ndi mtunda, mababu akayamba kuzirala usipa usanasonkhane. Tsiku lotsatira pamakhala mkangano umene palibe angaupambane: msodzi amati sanamutchajire mokwanira, wa sitolo amati batirelo ndi lotopa.

Nthawi zambiri onse awiri amakhala akunena zoona. Batire la galimoto linapangidwa kuti lizipereka mphamvu yaikulu kwa kanthawi kochepa poliza injini, kenako n'kudzazidwanso galimoto ikuyenda. Silinapangidwe kuti lizikamidwa usiku wonse mpaka kutheratu. Likamakhetsedwa chotere tsiku ndi tsiku, ndiponso likamakhala nthawi yaitali lisanadzazidwe mokwanira, timapuleti ta mtovu ta m'kati mwake timakutidwa ndi zoyangayanga zolimba, ndipo malo osungira mphamvu amachepa. Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja mu Okutobala ndi Novembala kumafulumizitsa kuwonongekaku, komanso kumaumitsa madzi a m'batire. Madzi oyenera kuwonjezera ndi oyeretsedwa mwapadera, ogulitsidwa m'mabotolo. A m'nyanja kapena a pamjigo ali ndi mchere umene umapha batire pang'onopang'ono. Mabatire opangidwira sola amapirira kukhetsedwa kwambiri, ndipo a lithium amapirira koposa komanso ndi opepuka, koma mtengo wake wogulira ndi umene umabweza asodzi ambiri ku batire lakale la galimoto.

Mtengo wotchajira umawerengedwa pa chinthu, osati pa mphamvu yomwe yalowa: foni ili ndi mtengo wake, batire laling'ono wake, lalikulu wake. Kawerengedwe kameneka ndi kosavuta, koma kamabisa zambiri. Amene wabweretsa batire lomwe latha pang'ono amalipira mofanana ndi amene wabweretsa lotheratu. Pa mafoni kusiyana kwake ndi kwakukulu kwambiri. Batire la foni yamakono limasunga mphamvu yochepa zedi, mwakuti yunitsi imodzi ya Credelec ingathe kudzaza mafoni oposa 50. Munthu wa kumudzi wopanda magetsi, akamalipira pa foni iliyonse, amagula yunitsi imodzi pamtengo woposa kambirimbiri umene amalipira munthu wa m'tauni yemwe ali ndi mita m'nyumba. Wa sitolo sakuba pamenepa, chifukwa anagula mapanelo, inveta ndi mabatire ndi ndalama zake, ndipo foni ikasowa kapena ikapsa mlandu umakhala wake. Chomwe chilipo n'chakuti wosauka wokhala kutali ndi mawaya ndi amene amagula magetsi odula kuposa wina aliyense m'dziko.

Ngakhale zili choncho anthu amalipira, chifukwa foni pano ndi chida cha malonda. Wogula usipa amaimbira mnzake wa ku Lichinga kuti amve mtengo asanakweze matumba pa galimoto. Ndalama zimayenda pa M-Pesa ya Vodacom ndi e-Mola ya Movitel, kampani yomwe inayamba ntchito mu 2012 ndipo inafikitsa netiweki m'madera ambiri akumidzi. Kufupi ndi Cóbuè mafoni amatha kugwiranso netiweki ya ku Malawi yochokera ku Likoma. Kawirikawiri wotchaja mafoni ndi yemwenso amagulitsa mayunitsi a foni ndi kutumiza ndalama, ndipo wodikira foni yake amagulako shuga kapena chakumwa chozizira. Phindu lenileni la wa sitolo nthawi zina limakhala pamenepo.

Mmene zilili kumene kuli galimoto zamagetsi

Masitolo aakulu a ku Ulaya ndi America anaika malo otchajira galimoto pa chifukwa chomwechi. Ku Britain, Tesco inagwirizana ndi Volkswagen ndi Pod Point mu 2018 kuti aike matchaja pamabwalo a masitolo ake mazanamazana, ndipo poyamba matchaja oyenda pang'onopang'ono anali aulere, mpaka mu Novembala 2022 pamene anayamba kulipiritsa. Ku United States, Walmart inalola kampani ya Electrify America kuika matchaja othamanga pamasitolo ake kuyambira 2018, ndipo mu 2023 inalengeza kuti imanga akeake. Ku South Africa matchaja ambiri ali pamalo aakulu ogulitsira zinthu a ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban, ndipo ambiri amayendetsedwa ndi kampani ya GridCars. Woyendetsa amene ayenera kudikira mphindi 30 amalowa m'sitolo, ndipo salowa chimanjamanja n'kutuluka chimodzimodzi.

Matchaja a galimoto ali m'magulu awiri. Oyenda pang'onopang'ono amapereka makilowati 7 mpaka 22, ndipo pa makilowati 7 ola limodzi limawonjezera ulendo wa makilomita pafupifupi 40. Othamanga amayambira pa makilowati 50 mpaka 350, ndipo amatha kukweza batire kuchoka pa 20 kufika pa 80 peresenti m'mphindi 20 mpaka 40. Likapitirira 80 peresenti, galimoto imachepetsa yokha liwiro la kutchaja pofuna kuteteza batire, n'chifukwa chake amene amaumirira kudzaza mpaka pakamwa amachedwetsa anzake omwe ali pamzere.

Madandaulo a eni galimotozi msodzi wa ku Ngoo angawamvetse mosavuta. Amafika n'kupeza tchaja chawonongeka. Amapeza malo otchajira atatsekedwa ndi galimoto ya petulo, kapena ndi yamagetsi yomwe inadzaza kalekale mwini wake akadali m'sitolo. Makampani ena, monga Tesla, amalipiritsa chindapusa pa mphindi iliyonse imene galimoto yodzaza yakhala pamalopo. Amapeza tchaja cholembedwa makilowati 150 chikupereka ochepa chifukwa chikugawana mphamvu ndi galimoto ina. Ena amavutika ndi kalipiridwe, poti kampani iliyonse imafuna pulogalamu yake pafoni. Mavutowa anakula mpaka boma la Britain linakhazikitsa malamulo mu 2023 okakamiza kuti mtengo uzionetsedwa poyera pa yunitsi iliyonse, kuti matchaja othamanga azilandira khadi la kubanki, ndiponso kuti azigwira ntchito 99 peresenti ya nthawi. Mfundo ziwiri za m'malamulo amenewa, yoti wogula adziwe kuchuluka kwa mphamvu yomwe wagula ndi yoti apeze tchaja chikugwira ntchito, ndi zomwezo zimene zimasowa pa sitolo ya m'mbali mwa nyanja.

Palinso nkhani ya mapulagi. Ku Ulaya ndi South Africa matchaja othamanga ambiri ndi a mtundu wa CCS, ku China ndi GB/T, pomwe galimoto zambiri za ku Japan, monga Nissan Leaf yakale, zimagwiritsa ntchito CHAdeMO. Izi zikukhudza Mozambique ndi Malawi mwachindunji, chifukwa galimoto zambiri m'mayiko awiriwa ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Wamalonda amene angaike tchaja chodula cha mtundu umodzi akhoza kupeza kuti galimoto zofika pakhomo pake zili ndi pakamwa pa mtundu wina.

Kusiyana kwa kukula

Chomwe chimalekanitsa sitolo ya ku Lago ndi bwalo la Tesco ndi kuchuluka kwa mphamvu. Batire lalikulu la msodzi, la 100 Ah, limasunga pafupifupi mayunitsi 1.2, ndipo kuti likhalitse sayenera kulikhetsa kupitirira theka. Panelo la mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino limapereka pafupifupi theka la yunitsi. Njinga yamoto yoyendera magetsi imanyamula mayunitsi 2 mpaka 4. Galimoto yapakatikati imanyamula 40 mpaka 80, ndipo imadya 15 mpaka 20 pa makilomita 100 alionse. Galimoto imodzi ya mayunitsi 50 ndi yofanana ndi mabatire a asodzi oposa 40, ndipo sitolo ya mapanelo atatu a mawati 100 ingatenge mwezi wathunthu kuti iidzaze, osatchaja china chilichonse.

Msewu wochoka ku Metangula kupita ku Lichinga umawonjezera zake. Nyanja ili pa mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Lichinga ali pa mamita oposa 1,300. Kukweza galimoto yolemera makilogalamu 1,800 pa chitunda chotere kumafuna mayunitsi ena pafupifupi 4 pamwamba pa a ulendo wamba. Potsika, galimoto yamagetsi imabweza gawo la mphamvuyo m'batire, chifukwa mota yake imasanduka jenereta woyendetsa akamachepetsa liwiro. Ulendo umenewu ndi wotheka ndithu kwa galimoto yamagetsi ya masiku ano, ndipo ku Metangula, kumene kuli mawaya a EDM, ingathe kudzazidwa usiku pa soketi wamba ya mavoti 220, imene imapereka mayunitsi 2 kapena 3 pa ola. Tchaja chothamanga ndi nkhani ina, chifukwa cha makilowati 50 chimakoka mphamvu yofanana ndi ya nyumba zambiri za m'tauni yaing'ono zitayatsa pamodzi, ndipo chimafuna thiransifoma yakeyake. Kumpoto, pa msewu wafumbi wopita ku Cóbuè, vuto loyamba la galimoto iliyonse m'dzinja ndi matope ndi milatho, magetsi asanatchulidwe n'komwe.

Njinga yamoto ndi boti

Choyendera magetsi chimene chingafike msanga m'mbali mwa nyanjayi ndi njinga yamoto, chifukwa ndi yomwe imanyamula anthu, nsomba ndi odwala m'tinjira tomwe galimoto sizidutsa. Ku Rwanda ndi Kenya, makampani monga Ampersand ndi Spiro anapeza njira yopewera kudikira: wa kabaza sagula batire, koma amafika pamalo osinthira, amasiya lotha n'kutenga lodzaza, ndipo amalipira mphamvu yokha. Kusinthaku kumatenga mphindi zochepa. Batire limakhala la kampani, choncho likatopa nkhawa si ya woyendetsa, ndipo limatchajidwa ndi anthu odziwa, pa nthawi imene magetsi alipo.

Pa nyanja ya Victoria ku Kenya njira yomweyi inafika kwa asodzi a omena, kansomba kakang'ono kogwidwa ndi nyale mofanana ndi usipa. Ku Mbita, kampani ya Osram inayamba kuyesa malo otchajira a sola obwereketsa nyale kwa asodzi mu 2008, ndipo lero bungwe la WeTu limabwereketsa nyale zokhala ndi mabatire a lithium: msodzi amatenga yodzaza madzulo n'kubweza m'mawa. Kampani ya Asobo inayesanso kumeneko kubwereketsa injini za boti zoyendera magetsi. Kwa msodzi wa chilimira, amene petulo wa injini ndiye amamudyera ndalama zambiri pa ulendo uliwonse, nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa ya galimoto. Kubwereketsa kumathetsanso mkangano wa pakhonde uja, chifukwa wotchaja ndi mwini batire amakhala munthu mmodzi, ndipo sangapindule politchaja mosakwanira.

Zoterezi zimafuna magetsi oposa a mapanelo atatu a padenga. Tsidya lina la madzi, kampani ya EGENCO ya ku Malawi inaika magetsi a dzuwa okwana mamegawati 1.3 ku Likoma ndi Chizumulu mu 2020, pofuna kuchepetsa kudalira majenereta a dizilo. Ku Niassa komweko FUNAE inamanga malo opangira magetsi a dzuwa ku Mavago, Muembe ndi Mecula. Mu 2021 Mozambique inakhazikitsa malamulo olola makampani ndi magulu kumanga timagetsi ta m'dera limodzi kumene kulibe mawaya a EDM, moyang'aniridwa ndi bungwe la ARENE. Okonza mapulani otere nthawi zambiri amawerengera nyumba, mababu ake ndi wailesi zake. M'mudzi wa asodzi ayenera kuyambira padooko ndi pa sitolo, chifukwa mabatire amafuna mphamvu masana, nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo ndipo nyumba sizikuyatsa kanthu, komanso eni ake ali ndi ndalama za nsomba zolipirira. Kasitomala wotere ndi amene angachititse kuti kamagetsi ka m'mudzi kadzilipirire.

Mozambique ili kale m'malonda a mabatire a galimoto zamagetsi, koma kumbali ya zokumba pansi. Mgodi wa graphite wa ku Balama ku Cabo Delgado, wa kampani ya Syrah Resources ya ku Australia, unayamba kutulutsa mu 2017 ndipo ndi umodzi mwa migodi ikuluikulu ya mwala umenewu padziko lonse. Graphite ndi imene imapanga mbali imodzi ya batire la lithium, ndipo mu 2021 Tesla inasaina mgwirizano wogula yokonzedwa kufakitale ya Syrah ku Vidalia, ku Louisiana. Ku Niassa nako, m'boma la Nipepe, kuli graphite yomwe kampani ya ku China ya DH Mining yaikapo ndalama. Mwala wopangira mabatire opepuka ukutuluka m'chigawo chomwecho chimene asodzi ake akusenzabe mabatire a mtovu.

Batire likafa

Mbali yomwe sikambidwa kawirikawiri ndi ya mabatire otha ntchito. Batire limodzi lalikulu lili ndi makilogalamu angapo a mtovu ndi malita angapo a asidi. Ogula zitsulo zakale amawafuna chifukwa mtovu uli ndi mtengo, koma kuti katundu apepuke asidi amatha kukhuthulidwa pansi, ndipo m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja pansi pamenepo ndi mchenga womwe madzi ake amatsikira kumene anthu amatunga ndi kusamba. Ena amaswa batire n'kusungunula mtovu pamoto kuti apange miyala yolemeretsa makoka ndi mbedza. Utsi ndi fumbi la mtovu zimalowa m'thupi mosazindikirika, ndipo bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wabwinobwino. Ana ndi amene amavulala kwambiri, chifukwa mtovu umasokoneza kukula kwa ubongo, ndipo kuwonongekako sikubwerera.

Ngozi ina ili m'sitolo momwemo. Batire la mtovu likamatchajidwa, makamaka likayandikira kudzaza, limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka msanga. M'kachipinda kotseka, momwe mulinso mabotolo a petulo, kandulo kapena munthu wosuta fodya, kuthetheka kamodzi kwa waya n'kokwanira kuphulitsa batire ndi kumwaza asidi kumaso. Malo otchajira ayenera kukhala opita mphepo, otalikirana ndi petulo ndi zakudya, ndipo tchaja chizizimitsidwa zopanira zisanachotsedwe. Mabatire a lithium satulutsa mpweya wotere pa ntchito ya masiku onse, koma akabooka, akanyowa m'kati kapena akatchajidwa ndi tchaja chosayenera amatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa, choncho kufika kwake kudzafuna kuti otchaja aphunzitsidwe.

Kumene malamulo obweza mabatire amagwira ntchito, mtovu wambiri umabwerera kufakitale: ku United States pafupifupi mabatire onse a mtovu amakonzedwanso, chifukwa wogula latsopano amalipira ndalama yapadera imene amabwezeredwa akapereka lakale. Njira yotere ku Lago ingadutse pa sitolo yomweyo imene imatchaja, popeza mwini wake amadziwa batire la aliyense m'mudzi ndipo ndi amene amayamba kuona kuti lasiya kusunga moto. Chofunika ndi malo ouma osungirako mabatire akufa asanakhuthulidwe, mtengo wodziwika wowagulira, ndi galimoto yowatengera ku Lichinga pamodzi ndi asidi wake.